Kusankha masipika akumbuyo ndi ampulifaya ya kanema wa pabalaza

Alamu anga, amene adachoka kwathu ku Ulongwe n'kukakhazikika ku Moatize, m'chigawo chomwecho cha Tete ku Mozambique, chifukwa cha ntchito, adandiitana m'mwezi wa Okutobala kuti ndikaone ampulifaya yawo, imene inkangozima yokha filimu ikafika pakati. Nditalowa pabalaza ndidapeza masipika anayi akuluakulu, awiri m'mbali mwa TV ndi awiri kuseri kwa sofa, onse atalumikizidwa ku ampulifaya ya sitiriyo, ija ya nyimbo yokhala ndi njira ziwiri zokha za mawu. Mawaya adali atapotedwa awiriawiri pa chomangira chimodzi, ndipo ampulifayayo idali itatsekeredwa m'kabati ya galasi, moti nditaika chikhatho pamwamba pake ndidachichotsa msanga. Phokoso lidalipo lambiri, koma munthu wa m'filimu akamalankhula, mawu ake ankamvekera kutsogolo ndi kunkhongo nthawi imodzi, ngati kuti wakuzungulirani. Ndalama zidapita zambiri, koma zidapita pa zinthu zosayenderana.

Chofunika kumvetsa musanagule chilichonse ndi chakuti masipika akumbuyo sabwereza zimene akutsogolo akunena. Mafilimu ambiri amakonzedwa m'dongosolo lotchedwa 5.1, limene lili ndi njira zisanu za mawu zosiyana, kuphatikizapo ina ya besi yokhayokha. Pali sipika yakumanzere, yakumanja, yapakati imene imanyamula zolankhula zambiri, ndi ziwiri za m'mbali chakumbuyo, pomwe nambala 1 ija ikuimira njira yopita ku sabuwufa, sipika yotulutsa besi yokhayokha. Awiri akumbuyowo ntchito yawo ndi kupereka mawu a malo amene nkhani ikuchitikira, monga mvula, mphepo, chinamtindi cha anthu m'bwalo la mpira, kapena galimoto imene yakudutsani n'kupitirira. Nthawi zambiri amayankhula motsitsa, ndipo pena amakhala chete kwa mphindi zingapo. Choncho safunika kukhala akuluakulu, koma amafuna ampulifaya yodziwa kulekanitsa njira zimenezi n'kutumiza iliyonse kwa mwini wake.

Ampulifaya ya sitiriyo siingathe ntchito imeneyo ngakhale itakhala yamphamvu chotani. Komanso kuidzadza masipika kumaipweteka, chifukwa masipika awiri a 8 ohm (ohm ndi muyezo wa mmene sipika imatsekerezera magetsi) mukawamanga pa chomangira chimodzi, ampulifaya imawaona ngati sipika imodzi ya 4 ohm, ndipo awiri a 4 ohm amatsika kufika pa 2 ohm. Nambala imeneyi ikamatsika, ampulifaya imakakamizika kutulutsa magetsi ochuluka, imatentha, kenako imadziteteza pozima. Ndi zimene zinkachitika kwa alamu anga.

Yambani ndi chipinda ndi pamene mumakhala

Musanapite kusitolo, tengani tepi muyeze pabalaza panu, ndipo musankhe mpando umene mumaonerapo kanema kawirikawiri, chifukwa zonse zidzayezedwa kuchokera pamenepo. Njira yapafupi yopezera malo a masipika ndi kuyerekeza kuti mwakhala pakati pa nkhope ya wotchi, TV ili pa 12. Sipika yakumbuyo yakumanja iyenera kukhala pakati pa 3 ndi 4, yakumanzere pakati pa 8 ndi 9. Izi zikugwirizana ndi muyezo wa bungwe la ITU, umene akatswiri okonza mawu a 5.1 amatsatira, wonena kuti masipikawa akhale pakati pa madigiri 100 ndi 120 kuchokera kutsogolo. Mwaona kuti dzina loti akumbuyo ndi losocheretsa pang'ono, popeza malo awo enieni ndi m'mbali, mongopitirira mapewa. Akwezeni masentimita 30 mpaka 60 pamwamba pa makutu a munthu amene wakhala pansi, kuti mutu wa amene wakhala kumapeto kwa sofa usatsekereze mawu kwa anzake.

M'nyumba zathu zambiri sofa imagundizana ndi khoma, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo. Pachikani masipikawo pa makoma a m'mbali, molingana ndi sofa, akuyang'anizana. Ngati mbali imodzi kuli khomo kapena zenera, aikeni pa khoma lakumbuyo, motalikirana kupitirira utali wa sofa, n'kuwapendeketsera mkati. Mukatha kukokera sofa kutsogolo ndi masentimita 30 okha, besi imasiya kuchita m'bwibwi ndipo kusiyana kwake mudzakumva tsiku lomwelo. Dongosolo la 7.1 limawonjezera masipika ena awiri kumbuyo kwenikweni, cha pa 5 ndi 7 pa wotchi ija, koma limafuna mpata wa mita imodzi kapena kuposa kuseri kwa mpando. Popanda mpata umenewo, masipika owonjezerawo amangokulirirani m'makutu, ndipo ndi bwino ndalama yakeyo muike pa sipika yapakati yabwino, imene kwa ine ndi yofunika kuposa akumbuyo onse.

Yang'ananinso kudenga. Dolby Atmos, imene idayamba m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 2012 n'kufika m'zipangizo za pakhomo mu 2014, imawonjezera mawu ochokera kumwamba, ndipo pali timasipika timene timawombetsa mawu pa siling'i kuti abwerere kwa womvera. Timeneti timafuna siling'i yosalala, yolimba ndi yosatalika kwambiri. Ngati denga lanu ndi malata okhaokha pa mapaso, musataye ndalama, chifukwa mawu amangobalalika ndipo malatawo amanjenjemera ndi besi. Pansi pa simenti kapena matailosi ndi makoma opanda kanthu zimachititsanso kuti mawu azibwererabwerera. Kapeti kapena mphasa pakati pa sofa ndi TV, ndi makatani ochindikala pa mazenera, zimakonza mawu kuposa mmene kusintha ampulifaya kungakonzere.

Masipika akumbuyo enieniwo

Lamulo loyamba ndi loti akumbuyo afanane mawu ndi akutsogolo. Ndege ikamachoka kutsogolo kupita kumbuyo m'filimu, mawu ake amachoka pa sipika imodzi n'kulandiridwa ndi ina, ndipo ngati imodzi ili ndi mawu osongoka pomwe inayo ndi yogonthera, khutu limazindikira msanga kuti pasinthika chinthu. Njira yodalirika ndi kugula timasipika ta pashelefu ta kampani ndi mtundu womwewo wa masipika anu akutsogolo, popeza nthawi zambiri twita yake, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu osongoka, imakhala yofanana. Izi zikakanika, funani okhala ndi twita yopangidwa ndi chinthu chofanana, yansalu kwa yansalu, yachitsulo kwa yachitsulo. Wufa, gawo lalikulu lozungulira lotulutsa mawu otsika, ya mainchesi 4 mpaka 5 ndi yokwanira, pakuti besi yozama idzatumizidwa ku sabuwufa. M'masitolo a mumzinda wa Tete masipika amawatchula kuti colunas, ndipo wogulitsa amakonda kukulozerani zazitali zofika m'chiuno zokhala ndi magetsi ophethiraphethira. Zimenezo ndi za paukwati, ndipo zambiri zili kale ndi ampulifaya yakeyake mkati, kotero sizingalumikizidwe pa zomangira za masipika.

Tembenuzani sipikayo muwerenge zolembedwa kumbuyo kwake. Nambala yoyamba ndi ya ohm, ndipo 6 kapena 8 ndi imene maampulifaya ambiri a kanema amailandira mosavuta. Ambiri otsika mtengo amalemba pafupi ndi zomangira kuti amafuna masipika a pakati pa 6 ndi 16 ohm, ndipo ya 4 ohm muigule pokhapokha buku la ampulifaya yanu likuvomereza. Nambala yachiwiri, imene anthu ambiri amaidumpha, ndi ya dB, yosonyeza kukwera kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, munthu ataima mtunda wa mita imodzi. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa 85 ndi 91 dB. Kusiyana kwa 3 dB kukuoneka kochepa, koma kukutanthauza kuti sipika ya 88 dB imafuna mawati owirikiza kawiri kuti ifanane ndi ya 91 dB. Nambala ya mawati yolembedwa pa sipika imangonena malire a mphamvu imene ingapirire, osati kukoma kapena kukwera kwa mawu ake.

Samalani ndi timasipika totsala ku zoimbira zija zinkagulitsidwa m'katoni imodzi pamodzi ndi DVD. Tambiri mwa timeneti ndi ta 3 ohm, tidapangidwira choimbira chake chokhacho, ndipo tikalumikizidwa ku ampulifaya ina timaitenthetsa. Masipika a m'galimoto nawonso, amene amisiri ena amawakhomera m'mabokosi a matabwa, kawirikawiri amakhala a 4 ohm, ndipo bokosi losayezedwa limawononga mawu. Palinso masipika okhala ndi nkhope ziwiri, otchedwa bipole kapena dipole, amene amamwaza mawu m'malo mowalunjikitsa. Amathandiza ngati khoma lili pafupi kwambiri ndi khutu, koma m'zipinda zambiri sipika wamba ndi yokwanira. Akumbuyo opanda waya kawirikawiri amafunabe soketi ya magetsi, ndipo ambiri amangogwira ntchito ndi soundbar (sipika yaitali yoika pansi pa TV) ya kampani yomweyo. Sipika wamba ya Bluetooth siingakhale yakumbuyo, chifukwa imalandira sitiriyo yokha ndipo mawu ake amafika mochedwa.

Ngati mukugula ogwiritsidwapo kale ntchito, pemphani kuti awaimbitse imodziimodzi motsitsa, ndipo muike khutu pafupi ndi twita kuti mutsimikize kuti ikutulutsa mawu. Kanikizani wufa pang'onopang'ono ndi zala zonse mozungulira pakati pake. Ikamakhula kapena kumveka ngati muli mchenga, ndiye kuti koyilo yake idapsa. Onaninso mphira wozungulira wufayo, chifukwa wa siponji umafumbutuka ukakalamba, makamaka kumalo otentha.

Ampulifaya

Imene mukufuna ndi ya mtundu wotchedwa AV receiver, yokhala ndi njira zosachepera zisanu, yotha kumasulira Dolby Digital ndi DTS, mitundu iwiri yosungiramo mawu a 5.1, komanso yokhala ndi potulukira pa sabuwufa. Makampani odziwika pa zipangizo zimenezi ndi monga Denon, Yamaha, Marantz, Onkyo, Pioneer ndi Sony. Potulukira pa sabuwufa pamatulutsa mawu osakuzidwa, kotero sabuwufa yake iyenera kukhala ija yokhala ndi ampulifaya mkati ndi waya wakewake wa magetsi. Ngati pabalaza panu ndi papang'ono ndipo simukuganiza zowonjezera masipika, ya 5.1 yopangidwa bwino imaposa ya 7.2 (njira 7 ndi masabuwufa awiri) yotchipa. Pamsika pamapezekanso maampulifaya olembedwa 5.1 okhala ndi zomangira zisanu, koma polowera mawu pali timabowo tiwiri tokha, kofiira ndi koyera. Oterewa amangogawa sitiriyo yomweyo ku masipika onse. Ngati palibe HDMI, optical kapena coaxial, ndipo palibe chizindikiro cha Dolby, sangakupatseni 5.1 yeniyeni kuchokera ku TV kapena dikoda.

Nkhani ya mawati ndi imene imasocheretsa anthu ambiri. Katoni ikhoza kulembedwa 5000W PMPO ndi zilembo zazikulu zofiira, koma PMPO ilibe muyezo wogwirizana, ndipo kampani iliyonse imalemba mmene yafunira. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Yang'anani kachizindikiro kakumbuyo, pafupi ndi waya wa magetsi, kamene kamanena mphamvu imene chipangizocho chimakoka. Ngati palembedwa 60W, palibe matsenga amene angachititse kuti chitulutse mawati 5000 mosalekeza. Nambala yodalirika ndi ya RMS, ya mphamvu yotuluka mosalekeza, ndipo iyenera kutchula zinthu zinayi pamodzi: pa ma ohm angati, njira zingati zikuimba nthawi imodzi, kuyambira 20 Hz mpaka 20 kHz, komanso kupotoka kwa mawu kotchedwa THD, kumene kuyenera kukhala kosafika 1 peresenti. Ngakhale makampani akuluakulu amakonda kuika patsogolo nambala yoyezedwa pa njira imodzi yokha, pa 6 ohm ndi 1 kHz, THD ili pa 10 peresenti, chifukwa imaoneka yaikulu. Ampulifaya yomweyo ikayezedwa njira ziwiri pa 8 ohm, nambala imatsika kwambiri, ndipo yotsikayo ndi imene muyenera kuyerekeza nayo.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone kuchepa kwa mawati amene pabalaza pamafuna. Sipika ya 88 dB ikapatsidwa wati imodzi, munthu amene wakhala mamita 3 kuchokera pa iyo amamva pafupifupi 79 dB, ndipo m'chipinda zimaposa pamenepo chifukwa makoma amabweza mawu. Limenelo ndi phokoso loti simungacheze bwino ndi mnzanu. Mawati 10 amakweza kufika pa 89 dB, ndipo mawati 100 pa 99 dB, popeza kuwonjezera 10 dB, kumene khutu limakumva ngati kuwirikiza kawiri, kumafuna mphamvu yowirikiza ka 10. Kuchoka pa mawati 50 kupita pa 100 kumangowonjezera 3 dB. Choncho ampulifaya ya mawati enieni 50 mpaka 80 pa njira iliyonse ikukwanira pabalaza la mamita 4 mulifupi ndi 5 mulitali, ndipo masipika akumbuyo, amene amakhala pafupi ndi makutu, amadya pang'ono kwambiri pa mawatiwo. Mphamvu yotsalayo ndi yosungira kuphulika kwadzidzidzi kwa m'filimu. Dziwaninso kuti twita zambiri zimapsa chifukwa cha ampulifaya yofooka imene yakwezedwa mpaka mawu kuyamba kusweka, kotero mukangomva kusasa, tsitsani voliyumu nthawi yomweyo.

Kenako yang'anani zolowera. Ngati TV yanu ili ndi HDMI yolembedwa ARC, imene idabwera mu 2009 ndi HDMI 1.4, waya mmodzi akhoza kutengera mawu kuchokera ku TV kupita ku ampulifaya, malinga nayonso ikhale ndi ARC. Ya eARC, imene idabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, imanyamulanso mawu apamwamba monga Dolby TrueHD. Waya wa optical amanyamula Dolby Digital ndi DTS za 5.1 popanda vuto, koma sanyamula TrueHD kapena DTS-HD Master Audio. Kwa munthu amene amaonera dikoda ndi mafilimu a pa intaneti, kusiyana kumeneko si kodetsa nkhawa. Izi ndi zimene zimapatsa mwayi maampulifaya akale. Yosatha kudutsitsa chithunzi cha 4K, kapena yopanda HDCP 2.2 (chitetezo choletsa kukopera mafilimu a 4K), ikhoza kugwirabe ntchito ngati dikoda ndi zina zonse mwazilumikiza ku TV, kenako n'kutumiza mawu okha ku ampulifaya kudzera pa ARC kapena optical.

Zipangizo zambiri zabwino zimatifikira zitagwiritsidwapo ntchito, zina kuchokera ku Johannesburg, zina kudutsira pa Zobwe kapena pa chipata cha Dedza. Chinthu choyamba kuwerenga ndi mavoti. Magetsi a ku Mozambique ndi a 220V, 50 Hz, ndipo zipangizo zopangidwira South Africa, Malawi kapena ku Ulaya, zolembedwa 230V, zimagwira bwino. Za ku America ndi za 120V ndipo za ku Japan ndi za 100V, kotero mukazilowetsa m'soketi popanda thiransifoma yotsitsa mavoti, zimapsa pomwepo. Ine ndidaphunzira zimenezi ndi ndalama yanga, pamene wogulitsa wina adandisinthira pulagi yekha osandiuza kumene chipangizo chidachokera, ndipo ndidangomva kuthetheka ndi fungo la pulasitiki. Pulagi ikakhala yosalowa m'soketi yanu, ikani ina yoyenera, osati kulowetsa mawaya osasenda bwino n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Musanalipire, pemphani kuti ayatse mluzu woyesera umene umayenda sipika ndi sipika, kuti mumve njira zonse zisanu, ndipo yesani bowo lililonse la HDMI, chifukwa ndi gawo limene limafa kawirikawiri ndipo kulikonza ndi kodula. Rimoti ndi kamayikolofoni kotcherera mawu zikhalepo.

Kutentha kwa kuno si nkhani yoipeputsa. M'chigwa cha Zambezi, mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo ampulifaya imayamba ntchito ili yofunda kale. Kumtunda ku Angonia ndi Tsangano kumazizirako, komabe kabati yotseka imatenthetsa kulikonse. Mabuku a makampani ena amapempha mpata wa masentimita 20 pamwamba, ena 30. Musasanjikize dikoda pamwamba pake, ndipo kansalu kolukidwa kamene amayi amakonda kuphimbira zipangizo kazichotsedwa nthawi yoimba, kazibwezedwa ikazizira, chifukwa kwa fumbi n'kothandiza ndithu. Fumbi likadzaza pa timapiko ta aluminiyamu mkatimo, kutentha sikutuluka, kotero muzilipemerera kamodzikamodzi mutazula pulagi. Kafani kakang'ono ka kompyuta koikidwa pamwamba, kokoka mpweya wotentha kutuluka, ndi kotsika mtengo ndipo kamathandiza kwambiri. Maampulifaya a Class D amatentha pang'ono poyerekeza ndi a Class AB, ndipo ndi opepuka, choncho kulemera kokha sikungakuuzeni ubwino wa chipangizo.

Pa bajeti yanu musiye ndalama ya chotetezera magetsi. Sitebilaiza yokhala ndi mphamvu yoposa zimene ampulifaya, TV ndi sabuwufa zimakoka pamodzi imathandiza magetsi akamakwera ndi kutsika, koma siingaletse mphenzi. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Marichi, kukayamba kugunda zulani pulagi ndi waya wochokera ku dishi, chifukwa mphenzi imatha kulowera ku dishi, kudutsa mu dikoda, n'kukapsereza HDMI ya ampulifaya ndi ya TV. Amene mumagwiritsa ntchito sola, funani invata ya pure sine wave, pakuti zotchipa zija zimachititsa thiransifoma kung'ung'udza ndi kutentha. Jenereta iyambe yakhazikika kaye musanayatse zipangizo.

Mawaya ndi kutchera

Masipika akumbuyo ndi amene amafuna waya wautali kuposa onse, ndipo ukadutsa m'mbali mwa khoma umafika mamita 10 mosavuta. Waya wamkuwa wa 1.5 mm² ndi wokwanira mpaka cha pa mamita 15 ngati masipika ndi a 8 ohm, ndipo kupitirira pamenepo, kapena ngati ndi a 4 ohm, gulani wa 2.5 mm². Waya wodula wolongedwa m'mapaketi okongola alibe phindu lina loposa ili. Vuto limene lilipo ndi waya wa aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa, umene umaoneka ngati weniweni koma umatsekereza magetsi kwambiri ndipo umathyoka msanga. Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni, ndipo mukaona kuyera mkati, dziwani kuti si mkuwa wokhawokha. Dutsitsani waya m'timipaipi ta pulasitiki tokhomera kukhoma, chifukwa makoswe amaudya ndipo ana amakodwa nawo. Zopachikira masipika mmisiri wowotcherera zitsulo akhoza kukupangirani, malinga muzimange ndi zomangira zolowa bwino mu njerwa.

Polumikiza, chofiira cha ampulifaya chipite ku chofiira cha sipika, chakuda ku chakuda, pa masipika onse. Imodzi ikatembenuzidwa, besi imachepa ndipo mawu sadziwika kumene akuchokera. Ngati zizindikiro zidafufutika, tengani batire laling'ono la 1.5V mugunditse mawaya a sipika kwa kamphindi. Wufa ikatumphukira kunja, waya amene wakhudza kumutu kwa batire ndiye wa kofiira. Onetsetsani kuti palibe kachingwe kamkuwa kotsalira kokhudza chomangira china, chifukwa kamodzi kokha kamazimitsa ampulifaya. Pali msampha wina pa maampulifaya a 7.1, amene ali ndi zomangira zolembedwa Surround ndi zina zolembedwa Surround Back. Ngati muli ndi masipika awiri okha akumbuyo, amapita pa Surround, ngakhale mutawaika kuseri kwa sofa. Mukawaika pa Surround Back, mafilimu a 5.1 sadzawapatsa mawu oyenera.

Maampulifaya ambiri amadzitchera okha pogwiritsa ntchito kamayikolofoni kaja. Denon ndi Marantz amagwiritsa ntchito Audyssey, Yamaha ali ndi YPAO, Pioneer ali ndi MCACC. Ikani kamayikolofoniko pamene pamakhala mutu wanu, kakuyang'ana kudenga, ndipo muchite zimenezi nthawi yabata, fani itazimitsidwa ndi tambala atagona. Ikamaliza, lowani m'menyu muone zimene yasankha. Masipika akumbuyo akhale pa Small, ndipo malire otumizira besi ku sabuwufa akhale pa 80 Hz, muyezo umene kampani ya THX idaufalitsa, kapena pa 100 mpaka 120 Hz ngati timasipikato ndi tating'ono kwambiri. Ngati kamayikolofoni kalibepo, yezani ndi tepi mtunda wa sipika iliyonse kuchokera pa mpando n'kulemba m'menyu. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kotero ochokera ku sipika yapafupi amafika msanga, ndipo ampulifaya imawachedwetsa pang'ono kuti onse afikire limodzi. Kenako yatsani mluzu woyesera, ndipo ndi pulogalamu yoyezera phokoso ya pafoni, linganizani masipika onse pa 75 dB. Mukafuna kuti akumbuyo amveke bwinoko, wonjezerani 1 kapena 2 dB basi.

Dandaulo limene limabwera pambuyo pa zonsezi ndi loti masipika akumbuyo sakulira. Musanakayikire mawaya, yang'anani pa galasi la ampulifaya. Pakalembedwa PCM kapena Stereo, ndiye kuti ikulandira njira ziwiri zokha. Lowani m'menyu ya mawu ya TV ndi ya dikoda, pamene m'Chipwitikizi pamalembedwa mawu ofanana ndi saída de áudio digital, ndipo musinthe kuchoka pa PCM kupita pa Auto, Bitstream kapena Dolby Digital. Komanso si zonse zoulutsidwa zimene zili ndi 5.1. Nkhani za pa TV, nyimbo, mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi mafilimu ambiri ochepetsedwa amene timakopera pa fulashi ndi a sitiriyo, pomwe mafilimu ambiri a pa Netflix ndi matchanelo ena a HD a DStv amabwera ndi 5.1. Pa za sitiriyo mukhoza kusankha Dolby Pro Logic II kapena Dolby Surround, zimene zimapatula mawu ena n'kuwatumiza kumbuyo mwanzeru, kusiyana ndi All Channel Stereo imene imangothira zofanana paliponse.

Kwa alamu anga, tidagulitsa awiri mwa masipika akuluakulu aja pamodzi ndi ampulifaya ya sitiriyo kwa munthu wina wa bawo, n'kupeza AV receiver yakale ya 5.1 yolumikizidwa ndi optical, sipika yapakati, ndi timasipika tiwiri ta 8 ohm timene tidapachika pa makoma a m'mbali. Chitseko cha galasi cha kabati tidachichotsa. Madzulo ake tidaika filimu ina imene ili ndi mvula yamkuntho, ndipo mlongo wanga, amene ankaphika kukhitchini, adatuluka mothamanga kukanula zovala pachingwe, kunja kuli nyenyezi zokhazokha.